Mtedza Umene Ndinawaza Madzi

Kwathu n'kumadzulo kwa Nsaru, kumene mtedza umabereka ngakhale usauthire feteleza. Ndinabadwira komweko, ndinakwatiwira komweko, ndipo munda umene ndimalima ndi womwewo ankalima amayi anga. Amuna anga anaphunzitsa sukulu ya pulayimale zaka zambiri asanapume, ndipo ndi mkulu wa mpingo patchalitchi pathu. Ndi munthu wosakonda kubwereza mawu. Alangizi a zaulimi atabwera ndi nkhani yoti tipange gulu la alimi a mtedza, anthu sanachedwe kuwasankha kukhala wapampando.

Alangiziwo anatiuza kuti maiko angapo anagwirizana zothandiza alimi ang'onoang'ono kupeza misika yakunja. Kutsidya kwa nyanja kunali kampani yopanga chiponde cha ana onyentchera, chimene chimatumizidwa kumadera a njala ndi nkhondo, ndipo kampaniyo inkafuna mtedza ngati wathu. Mtengo wake unali woposa wa mavenda a pa Nsaru kapena pa Msundwe. Koma panali lamulo limodzi lolimba. Mtedza ukachita chuku umakhala ndi poizoni wosaoneka ndi maso, ndipo maiko aja anaikiratu malire a poizoniyo. Akapyola malire, katundu yense amakanidwa, osati thumba limodzi lokha. Choncho anatiphunzitsa kukumba pa nthawi yake, kuyanika mpaka uume, kusankha wowola ndi wofota. Koposa zonse, anatiletsa kuwaza madzi posenda. Amuna anga ankalengeza zimenezi ngakhale potuluka m'tchalitchi.

Amene sanasendepo mtedza sangadziwe chifukwa chake lamuloli linali lolemera. Mtedza wouma bwino uli ndi makoko olimba. Ukasenda thumba limodzi, chala chachikulu chimatupa, lachiwiri chimang'ambika. Ine ndinakula ndikuona amayi onse a m'mudzi akuwaza timadzi pa mtedza n'kuufunditsa chiguduli kuti makoko afewe. Palibe ankati n'kulakwa. Mavenda ankagula osafunsa.

Chaka choyamba cha gulu zinayenda bwino, ndipo ambiri tinafolera nyumba ndi malata. Chaka chachiwiri mvula inadula msanga, mtedza ukadali kukhwima. Tinakumba dothi litauma kale, ndipo makoko ake anali aang'ono, olimba ngati miyala. Tili mkati mothothola, alangizi anafika ndi uthenga woti lole ibwera msanga kuposa mmene tinapanganira, chifukwa sitima ya kudoko siidikira munthu. Aliyense akhale atapereka mtedza wosenda pofika Loweruka. Uthengawu unafika Lachiwiri. Lachitatu m'mawa tinamva kuti akulu awo a amuna anga amwalira kwawo ku Kabudula. Iwo ananyamuka nthawi yomweyo. Ine anandiuza kuti nditsale.

"Anthu adzati chiyani wapampando akalephera kupereka wake? Inu malizani, kumaliro ndikakufotokozerani," anatero akukwera njinga.

Ana athu anali kusukulu zogonera komweko. Makina osendera a gulu anali amodzi okha, ndipo sabata imeneyo anali kumudzi wina kutsidya kwa dambo, kumene anthu ankachita kulimbirana. Aganyu onse anali otanganidwa ndi mtedza wa eni ake. Ndinakhala pakhonde ndekha ndi matumba anayi osasenda. Tsiku lonse la Lachitatu ndinasenda, ndipo pofika Lachinayi masana zala zonse zazikulu zinali zitang'ambika. Ndinazimanga ndi kansalu, koma magazi ankadutsabe n'kudetsa mtedza. Ndinayang'ana matumba atatu amene anatsala, ndinayang'ananso pabwalo. Panalibe munthu, nkhuku zokha. Ndinalowa m'khitchini, ndinatenga ndowa ya madzi, ndinakhuthulira mtedza pamphasa kuseri kwa nyumba, n'kuwaza. Ndinadziuza kuti ndi timadzi tochepa, ndiuyanika bwino ndikasenda.

Lachisanu ndinasenda ngati ndikusewera. Makoko ankangotseguka okha. Koma nditauyala pamphasa kuti uume, dzuwa silinatuluke. Unali mwezi wa Juni, kumwamba kunangoti bii, kamphepo kozizira kakuwomba. Madzulo ake ndinatenga kamtedza kamodzi n'kukaluma. Wouma bwino umalira pakati pa mano, koma uwu unangophwanyika mwakachetechete. Ndinadziwa, koma ndinauthira m'matumba.

Mtedza wa gulu tinkausonkhanitsa m'kalasi yakale ya pasukulu imene inasiya kugwira ntchito. Kumeneko unkakhuthulidwa pa lona yaikulu, amayi n'kuusankhanso, kenaka n'kuulongedza m'matumba atsopano a kampani. Choncho wa munthu aliyense unkasakanikirana ndi wa anzake. Pamene wanga unkakhuthulidwa ndinaima pafupi, kuopa kuti wina aupisa dzanja n'kumva kuzizira. Palibe anazindikira. Amayi ena anangondiseka za zala zomanga, nati mkazi wa aphunzitsi waiwala ntchito.

Lole ija sinabwere Loweruka limenelo. Sinabwerenso sabata yotsatira. Matumba anakhala m'kalasimo pafupifupi masabata atatu, mazenera ali otseka chifukwa cha akuba. Tsiku lililonse ndikamapita kumjigo ndinkadutsa pafupi ndi kalasiyo, ndipo ndinkachita kununkhiza mpweya wotulukira pansi pa chitseko. Kenaka kunabwera galimoto yaing'ono ndi anthu awiri ochokera ku Lilongwe. Anabaya matumba ndi kachitsulo kabowo, natapa mtedza pang'onopang'ono, nanena kuti akukaupima kaye lole isanabwere. Patapita masiku atatu alangizi anafika pa njinga yamoto. Sanapite kukalasi kuja. Analunjika kwathu, ndipo anakana mpando.

"Aphunzitsi, zavuta," anatero. "Mtedza wonse aukana. Poizoni wapyola malire."

Ndinali nditagwada pakhomo ndi kapu ya madzi amene ndinawabweretsera. Madziwo anatayikira pachitenje changa. Amuna anga anafunsa kuti, "Chachititsa n'chiyani?"

"Nthawi zambiri ndi chinyezi. Mwina wina ananyowetsa, kapena anasakaniza wogula kwa mavenda. Sindinganene motsimikiza."

Mawu omaliza aja amuna anga sanawamve. Anangomva zoti alipo munthu wolakwa.

Msonkhano unachitika mawa lake, ndipo anthu anadza ndi mkwiyo. Ena anali atalonjeza ana awo sukulu, ena analima mtedza wambiri n'kuchepetsa chimanga chifukwa chodalira msikawu, ndipo chimanga chenichenicho chinali chitapserera ndi dzuwa. Bambo wina anaimirira nati iye anaona ndi maso ake munthu wa m'gulu lathu akugula mtedza wosendasenda kwa mavenda pa Msundwe, masiku ochepa tisanapereke. Atamufunsa kuti ndani, analoza alamu anga, mwamuna wa mng'ono wanga.

Alamu angawo anali mkamwini wochokera ku Dowa. Anali munthu wofatsa, wolimbikira kumunda, koma wosapita kutchalitchi kwathu ndiponso wopanda m'bale aliyense m'mudzimo kupatula mkazi wake. Anaimirira chipewa chili m'manja.

"N'zoona ndinagula," anatero. "Koma inali ndowa imodzi yoti tidye kunyumba, popeza wathu wonse ndinkafuna ndipereke kuno. Funsani akazi anga, wina ukadalipo."

"Ndiye mukuti tikhulupirire kuti munthu wolima mtedza angagule mtedza wakudya?" wina anafunsa, anthu n'kuseka kuseka koipa.

Mng'ono wanga anayesa kulankhula, koma amayi ena anamuzazira kuti akhale pansi, mkazi sangachitire umboni mwamuna wake. Ine ndinali pamkeka womwewo, phewa langa likukhudza lake. Ndinayang'ana pansi. Amuna anga anatseka msonkhano ponena kuti sabata yamawa kubwera mlendo wochokera ku bungwe loyendetsa mgwirizanowu, ndipo gulu liyenera kumuonetsa kuti lachotsa chovunda pakati pake, mwina angatipatsenso mwayi wina.

Sabata imeneyo sindinadye bwino. Amuna anga ankalankhula nkhaniyi pa chakudya chilichonse. Ankati chowapweteka si msika wotayika ayi, koma bodza, munthu kuyang'ana anzake m'maso akudziwa chimene anachita. Ine ndinkangovomera ndi mutu. Kawiri konse ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma ndinkaona dzina lawo, zaka zawo zonse zophunzitsa ana a anthu chilungamo, ndipo ndinkasintha nkhani. Ndinayamba kudzinamiza kuti mwina alamu anasakanizadi, mwina matumba anga atatu sakanatha kuwononga mulu wonse uja.

Lachinayi mng'ono wanga anandipeza ndikupeta kuseri kwa nyumba, pamalo pomwe ndinawazira madzi paja. Maso ake anali otupa. Anandiuza kuti usiku wapitawo anthu anagenda denga lawo, ndipo ana ake akuwatcha ana a wakuba kusukulu. Amalume athu anali atamuitana n'kumuuza kuti mkamwini wochititsa manyazi mudzi ndi bwino abwerere kwawo.

"Achemwali, lankhulani nawo alamu anga," anatero. "Inu amakumverani. Bambo a kwathu sanachite zimenezi, ndikulumbira. Mtedza wathu tinasenda tonse awiri, onani manja angawa."

Anandionetsa zala zake. Zinali ndi zipsera zakuya kuposa zanga. Ndinabisa manja anga pansi pa lichero.

"Ndiyesa," ndinatero. Sindinayese.

Mlendo uja anabwera Lolemba m'mawa. Tinkayembekezera mzungu, koma anali mayi wakuda ngati ife, wa msinkhu wanga, wochokera kudziko lina la kumadzulo kwa Afirika. Ankalankhula Chingerezi, alangizi n'kumamasulira. Anati nayenso anakulira m'mudzi wolima mtedza. Msonkhano unachitikira m'kalasi momwe munali matumba muja, ndipo titatsegula chitseko tonse tinamva kafungo ka chinyezi, ngakhale palibe anakatchula. Amuna anakhala pa mabenchi, amayi pansi. Alamu anga anakhala okha pafupi ndi zenera.

Atatha kupemphera, amuna anga anaimirira. Anafotokozera mlendoyo kuti gulu lafufuza ndipo lapeza amene anasakaniza mtedza wa mavenda. Anati asanapitirire ndi nkhani zina, akufuna mamembala akweze manja, onse ovomereza kuti munthuyo achotsedwe m'gulu ndipo nkhani yake ipite kubwalo la m'mudzi. Manja anayamba kukwera, limodzi limodzi, kenaka ambiri. Mayi amene anakhala kumanzere kwanga anandigunda ndi chigongono kuti ndikweze langa. Mng'ono wanga anali atafunda chitenje kumutu.

Sindikumbukira kuti ndinaganiza chiyani. Ndinangozindikira kuti ndagwada, ndipo ndikuomba m'manja kupempha mpata wolankhula. Amuna anga anandiyang'ana modabwa, popeza pamisonkhano imene iwo ankatsogolera ine sindinkalankhulapo.

"Mayi, dikirani timalize kaye izi," anatero.

"Pepani abambo, sizingadikire," ndinayankha. Mawu anga anatuluka aang'ono, moti akumbuyo anafunsa kuti akuti chiyani. Ndinabwereza mokweza. "Alamu angawa sindikudziwa za iwo. Koma ine ndinawaza madzi mtedza wanga, matumba atatu, pamene abambo anali kumaliro ku Kabudula. Sunaume bwino. Ndinaubweretsa muno ndikudziwa."

Manja amene anali m'mwamba anatsika pang'onopang'ono. Ndinamva alangizi akumasulira monong'ona. Amuna anga anakhalabe chiimire, dzanja lili patebulo, ndipo sanandiyang'anenso. Mng'ono wanga anachotsa chitenje kumutu n'kusendera kutali ndi ine. Kenaka phokoso linabuka. Wina anati tibweze ndife mtedza wa anthu onse, wina anati wapampando ankadziwa, n'chifukwa chake anafulumira kuloza mkamwini. Mawu amenewo ndi amene anawakhazika pansi amuna anga.

Mayi mlendo uja anakweza dzanja mpaka anthu anatonthola. Anandifunsa mafunso angapo, kuti ndinawaza liti, ndinayanika masiku angati. Ndinayankha zonse. Kenaka anatembenukira kwa gulu.

"Zimene anachita mayiwa n'zolakwika, ndipo zikhoza kukhala kuti zinathandizira," alangizi anamasulira. "Koma akuti sangakunamizeni kuti ndi matumba atatu okhawo. Mtedza ukakhwima m'chilala ngati cha chaka chino, chuku chimaulowa ukadali m'nthaka. Magulu enanso m'dziko muno, ngakhale kumaiko oyandikana nafe, awakanira chimodzimodzi. Akutinso mtedzawu unakhalitsa m'chipinda chotseka chino chifukwa lole inachedwa, ndipo kuchedwako n'kulakwa kwa iwo, osati kwa inu."

"Ndiye ngati nanunso munalakwa, mugula?" anafunsa bambo wina wachikulire.

Mayiyo anapukusa mutu alangizi asanamalize n'komwe kumasulira. Anati malire aja sanaike ndi iye, anagwirizana ndi maboma, ndipo ana amene amadya chipondecho ndi odwala kale, poizoni pang'ono akhoza kuwamaliza.

Apo m'pamene alamu anga analankhula koyamba tsikulo. Sananene za ine, kapena za manja amene anakwezedwa. Anaimirira pazenera paja nati, "Alangizi, tandifunsirani. Mtedza uwu akuti ungaphe ana akunjawo. Nanga ife tikaubweza kunyumba, ana athu adye? Kodi poizoniyo amasankha mimba?"

Alangizi anamasulira funsolo. Mayiyo anayankha kuti poizoni sasankha, ndipo palibe mwana aliyense woyenera kuudya. Anati kwawonso amayi amasankha mtedza wabwino n'kugulitsa, wofota ndi wowola n'kusinja nsinjiro za banja, ndipo chimenecho chimamusowetsa mtendere kuposa msika. Anati njira yabwino ikanakhala kuugulitsa kwa oyenga mafuta amene ali ndi makina ochotsa poizoniyo, ndipo ayesa kutifunira. Alamu anafunsanso kuti, akapanda kupezeka? Mayiyo anati m'mgwirizanowu munalembedwa za mtedza wolandiridwa, za wokanidwa simunalembedwe kanthu. Analonjeza kuti akanena zimenezi kumsonkhano wa akuluakulu awo. Ndikhulupirira kuti anakanenadi, chifukwa ankalemba m'kabuku kake nkhope itagwa. Koma oyenga mafutawo sitinawaone.

Pobwerera kunyumba amuna anga ankayenda patsogolo, ine kumbuyo, ndipo anthu ankatipatukira m'njira. Titafika analowa m'nyumba, anavula jekete, nakhala pampando. Ndinagwada pafupi ndi chitseko kudikira kuti akalipe. Sanakalipe.

"Za madzi ndikanamvetsa," anatero patapita nthawi. "Ndinakusiyani nokha ndi ntchito ya anthu atatu. Koma munandisiya ndiweruze munthu wosalakwa sabata yathunthu, mukundipakulira chakudya. Munandimva ndikumutcha wabodza."

"Ndinkaopa kukuchititsani manyazi."

"Nanga lero mwandichititsa chiyani?"

Mawa lake analemba kalata yotula pansi udindo wa wapampando, napitanso kwa abusa kukapempha kuti ayambe apuma pa ukulu wa mpingo. Abusa anawakaniza za mpingozo, koma kwa miyezi ingapo amuna anga sanaimirire kutsogolo. Lachitatu la sabata yomweyo anagwira tambala wathu wamkulu, nandiuza kuti ndimunyamule, tipite kwa alamu. Tinawapeza akukonza khasu pabwalo. Amuna anga, amene anali aakulu kwa iwo ndi zaka zambiri, anavula chipewa n'kunjuta pansi. Anapepesa ndi mawu ochepa. Inenso ndinapepesa, ndikulira. Alamu analandira tambalayo, namupereka kwa mwana kuti akamumange.

"Zamveka, akulu," anatero. "Koma ine ndaona mmene manja amakwerera msanga pamudzi pano."

Mng'ono wanga sanatuluke m'nyumba tsiku limenelo.

Patatha masabata awiri gulu linatopa kudikira. Matumba anagawidwa, aliyense anatenga molingana ndi mmene anaperekera. Mavenda anamva msanga, ndipo anafika ndi masikelo awo mpaka pakhomo pa kalasi, akugula pa mtengo wongotola. Pafupifupi tonse tinagulitsa, ngakhale ife, chifukwa chimanga chinali chochepa ndipo njala inali ikuoneka kale. Mtedza umene unakanidwa ndi a kutsidya kwa nyanja unakwera malole kupita m'misika ya m'tauni, kumene anthu anaukazinga n'kuugulitsa m'timapepala. Tonse tinkadziwa zimene tinamva m'kalasi muja. Palibe anazitchula pamene sikelo inkagwedera.

Anthu ena anasiya kundipatsa moni kwa nthawi ndithu. Koma tsiku lina kumjigo, titatsala awiri, mayi yemwe anandigunda ndi chigongono uja anandinong'oneza kuti nayenso anawaza, matumba awiri. Patapita mwezi mayi winanso anandiuza zomwezo tikuchokera kumaliro. Onse anandipempha kuti ndisauze munthu. Ndinauza amuna anga okha, ndipo iwo anangoti, "Zisiyeni."

Chaka chotsatira alangizi anabweretsa makina osendera ena awiri, natiphunzitsa kuyanika mtedza m'milu yokhala ndi mpata wa mpweya pakati. Kampani yakunja ija sinabwerenso, inakapeza alimi kwina. Gulu lilipobe, ngakhale lachepa, ndipo limagulitsa kwa ogula a m'dziko momwe muno.

Alamu anga atakolola chaka chimenecho anapempha kwa amalume kuti atenge banja lawo kupita kwawo ku Dowa, ndipo amalume, mwina chifukwa cha manyazi, sanakanize. Munda wa mng'ono wanga, umene unali moyandikana ndi wanga, anaubwereketsa kwa anthu ena. Tsiku losamuka ndinapita kukathandiza kumanga katundu. Mng'ono wanga anandilola kunyamula madengu mpaka pangolo, koma tinangolankhula za mbale ndi mapoto. Ngolo itatsala pang'ono kunyamuka ndinamugwira dzanja n'kumufunsa ngati adzandikhululukire.

"Munanena, achemwali, ndipo ndikuthokoza," anatero. "Koma tsiku lija ndinabwera kwanu ndikulira, munali mukudziwa kale."

Panapita zaka ziwiri tisanaonane. Anabwera yekha pa ukwati wa mwana wanga woyamba, anagona kwathu masiku atatu, ndipo tinaphika limodzi. Alamu anatumiza thumba la nyemba ndi moni, koma iwo pamudzi pathu sanapondepo mpaka lero.